Ngodya ya Amalume Lazaro

Ndiyambe ndi kupepesa kwa inu amene mukuwerenga. Ine si munthu wodziwa kulemba nkhani. Sukulu ndinalekera Fomu 2 kwathu konkuno ku Lifuwu, ndipo ngakhale pagulu sindikonda kuyankhula. Koma amayi anandiuza kuti, “Ulendo uja unali wako, ulembe wekha,” ndiye ndalemba. Pomwe ndalakwitsa mundikhululukire.

Dzina langa ndine Esinati. Amayi anga ndi abale awo atatu akhala akuimba limodzi kuyambira ali ana, zaka zopitirira makumi anayi tsopano, ndipo anthu amawatchula kuti Anayi a ku Lifuwu. Woyamba kubadwa ndi amayi aakulu, a Agnesi, amene amaimba sopulano ndipo ndiwo amalamula zonse. Pambuyo pawo pali amalume Lazaro, a tenala, kenako amalume Petulo, a besi. Amayi anga, a Rozi, ndiwo mzime, amaimba aluto.

Amene anawaonapo akuimba amadziwa kuti saima pamzere ngati makwaya ena. Akalowa m’tchalitchi kapena muholo, aliyense amapita ku ngodya yake, anthu n’kukhala pakati. Zimenezi zinayambira kumunda. Mpunga ukayamba kucha, agogo aamuna ankawaimika m’ngodya zinayi za munda kuti aziingitsa mpheta, aliyense ndi chingwe chake cha zitini. Pofuna kudziwa kuti palibe amene wagona kapena wathawira kokasambira, ankawalamula kuti aziimba, iwo ali poteropo n’kumamvetsera ngati mawu onse anayi akumveka. Anawo anakula akuimba motalikirana choncho, ndipo sanasinthenso.

Agogowo anasiya lamulo limodzi. Ngodya ili ndi mwini wake. Wina saimapo pokhapokha mwiniwakeyo atamupatsa ndi pakamwa pake, abale onse alipo. Mwini akamwalira asanapereke, ngodyayo yapita naye.

Amalume Lazaro anadwala sitiroko ine ndili kupulayimale. Mwana wawo Chisomo, msuweni wanga, amene ndi mphunzitsi ku Mzuzu, anawatenga kuti azikawasamalira kumeneko. Kuyambira pamenepo gulu linkaimba anthu atatu, ngodya yachinayi ili yopanda munthu. M’nyimbo yawo yodziwika kwambiri, ya Mpunga Wacha, muli malo amene tenala amayankha yekha. Akafika pamenepo atatuwo ankangokhala chete, kudikira mpaka mawu a amalume Lazaro atatha m’mitima mwawo, kenako n’kupitiriza. Poyamba anthu ankalira akamva ziii ameneyo. Patapita zaka anayamba kudandaula kuti nyimbo zili ndi bowo, ndipo oitana kumaukwati ndi kumisonkhano anachepa.

Ine ndinabadwa ndi mawu aakulu. Kusukulu anzanga ankanditcha “Abambo”, n’chifukwa chake ndinazolowera kukhala chete. Mawu a tenala ndinawaphunzira ndekha pa kaseti yakale ya gululi, ndipo amayi anandigwira tsiku lina ndikuimba ndikutsuka mbale. Kunyumba ankandilola kuimba nawo pokonzekera, koma nditakhala pansi pafupi ndi amayi. Pagulu ayi.

Kumayambiriro kwa Okutobala chaka chatha Chisomo anaimba foni kuti sitiroko yabweranso. Amayi aakulu anatiitana tonse pakhonde pawo.

“Tipite ndi mwanayu,” anatero. “Lazaro akamupatsa ngodya, tipitiriza. Akapanda kumupatsa, basi, taimba mokwanira. Ine mawu atatu ndatopa nawo.”

Ine ndinangoyang’ana pansi. Amalume Lazaro anachoka ndisanayambe kuimba, ndipo sindinkadziwa ngati angalole kuti mawu awo atengedwe ndi mtsikana.

Tinanyamuka m’mawa pa matola ya munthu wina wogula mpunga. Katundu wathu anali thumba la mpunga wa Kilombero, mtanga wa utaka wouma ndi zikwama ziwiri. Amayi aakulu anakhala kutsogolo ndi dalaivala, ife kumbuyo pamwamba pa matumba. Pofika pa Salima nkhope zathu zinali zitayera ndi fumbi, ndipo amalume Petulo anati tikuoneka ngati zitumbuwa zoti sizinalowe m’mafuta.

Kudepoti tinamva kuti basi yaikulu yopita ku Mzuzu yadutsa kale, yodzaza. Oitanira anatizungulira, uyu wagwira thumba, uyu wagwira mtanga. Tinalowa m’minibasi ya ku Nkhotakota imene inkaoneka kuti yatsala pang’ono kudzaza. Titakhazikika bwinobwino, anyamata anayi amene anali m’mipando anatsika mmodzimmodzi, kupita kukakhala m’minibasi ina. Tinatsala ife ndi mayi wina wa nkhuku.

“Aja anali nyambo,” anatero amalume Petulo. “Ine msodzi ndakodwa ngati kampango.”

Tinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Kondakitala anati thumba la mpunga lilipire ngati munthu chifukwa latenga mpando. Amayi aakulu anamuyang’ana osaphethira, n’kumufunsa ngati thumbalo alipatsanso tikiti yake. Mnyamatayo analitsitsa pansi, ine n’kuikapo miyendo, mawondo anga n’kufika pachibwano. Ndinayenda choncho kudutsa Kaphatenga, Khombedza mpaka Benga, kumene mayi wa nkhuku uja anatsika ndipo ndinapeza potambasulira mwendo umodzi. Kunkatentha kwambiri. Amayi anandigulira madzi a m’pepala ndi chinangwa chophika. Nthawi yonseyi ndinkabwereza mawu a tenala chamumtima.

Pa Nkhotakota tinapeza kosita yopita ku Mzuzu. Amalume Petulo anakhala ndi bambo wina wachikulire wovala mkanjo woyera ndi kofiya, amene ankapita ku Chintheche kukaona mdzukulu wobadwa kumene. Ine ndi amayi tinali pampando wa kumbuyo kwawo. Galimoto itachedwa kunyamuka, amalume anakweza mawu n’kunena kuti, “Adalaivala, tiyeni, wodwala akutidikira.”

Bambo uja anatembenuka n’kuwayang’anitsitsa.

“Tanenaninso.”

“Ndinene chiyani?”

“Chilichonse. Mawu amenewa ndikuwadziwa ine. Wallahi, inu ndinu a besi a ku Lifuwu!”

Amalume anaseka mpaka mpando unagwedezeka. Bamboyo anati dzina lawo ndi Che Saidi, ndipo ali mnyamata ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Nkhotakota. Mwini sitoloyo anali ndi wailesi, ndipo nyimbo za Anayi a ku Lifuwu zikayamba makina onse ankaima.

“Ine ndine Msilamu, zakutchalitchi kwanu sindizidziwa,” anatero. “Koma Mpunga Wacha ndinkaiimba ndikupalasa makina. Kaseti yanu ndinagula kawiri, yoyamba anandibera mlamu wanga.”

Amayi aakulu anali kutsogolo, koma ndinaona khutu lawo litatembenukira kumbuyo. Amalume Petulo anayamba kufotokoza za ulendo wawo woyamba wa ku Blantyre, pamene anakajambula nyimbo kuwailesi. Nkhaniyi ndinaimvapo kambirimbiri, koma m’galimoto muja inakoma mwatsopano.

“Anatilowetsa m’kachipinda kokhala ndi maikolofoni imodzi pakati,” anatero. “Akuti imani mozungulira, muyandikire. Ife chibadwire sitinaimbepo mphuno ndi mphuno. Ndikangoona kukamwa kwa achemwali anga aja kutayasamuka pafupi chonchi, ine phwete! Lazaro naye phwete! Wojambula uja anakwiya, akuti anthu akumudzi mukundithera tepi.”

“Ndiye munatani?”

“Lazaro ndiye anaganiza. Anati tifulatirane. Tinaima chofulatirana, aliyense kuyang’ana khoma lake, wojambula n’kukweza maikolofoni pamwamba pa mitu yathu. Nyimbo zonse za pa kaseti ija tinaimba tikuonetsana nkhongo.”

Anthu a m’mipando yapafupi anaseka. Che Saidi anati iwo anadzawaonapo maso ndi maso kamodzi, paukwati wina pa Benga, ndipo kaseti siifika n’komwe.

“Ukakhala pakati, mawu amakubwerera uku ndi uku, n’kudzakumana pamutu pako penipeni. Tsitsi limaima.”

“Zimenezo timangomva kwa anthu,” anatero amalume. “Ife pakati sitinakhalepo. Lazaro ankadandaula nthawi zonse, akuti anthuwa amalira chiyani pakatipo? Ine ndimangomva mawu anga ndi kukuwa kwa achemwali.”

“Ndikukumva, Petulo,” anatero amayi aakulu osatembenuka.

Tinawoloka Bua, tinaima pang’ono pa Dwangwa pomwe anthu anagula nzimbe ndi mazira owiritsa kudzera pawindo. Titangopitirira pang’ono, minda ya nzimbe ikadali kumanja kwathu, pansi pa galimoto panamveka phokoso ngati chikwapu, kenako fungo la mphira wopsa. Dalaivala anaimika pambali. Anatsegula injini, anagwira m’chiuno, n’kutiuza kuti lamba waduka. Kondakitala anakwera njinga yamoto kubwerera ku Dwangwa kukafuna wina.

Tonse tinatsika n’kukakhala pansi pa mtengo waukulu wa mango. Mango anali asanapse, koma ana a m’galimoto muja anayamba kugenda. Ena anayala zitenje n’kugona. Galimoto zinkadutsa zodzaza, ndipo zimene zinali ndi malo zinkatenga mmodzi kapena awiri, osati anthu anayi ndi thumba. Amayi aakulu anakana kuti tigawikane.

Patapita nthawi Che Saidi anaimirira n’kuomba m’manja.

“Abale, mukudziwa kuti mwakhala ndi ndani pano? Amayi, tithandizeni. Nyimbo imodzi yokha, njala ichepe.”

Achinyamata ambiri sankalidziwa gululi, koma amayi ena achikulire anayamba kunong’onezana. Amayi aakulu anakana kawiri, kachitatu anaimirira n’kukonza duku. Anapita kumapeto kwa mthunzi mbali ya kumsewu. Amalume Petulo anapita mbali ya kunzimbe, amayi anga kuseri kwa thunthu. Mbali yachinayi, kumene kunali chulu chaching’ono, kunalibe munthu. Ine ndinatsala pa thumba la mpunga.

Amalume Petulo anayamba pansipansi, amayi anga analowa, kenako amayi aakulu pamwamba. Ana anasiya kugenda. Atafika pamalo a tenala, atatu aja anakhala chete monga mwa nthawi zonse. Mawu anga anali pafupi kutuluka okha, ndinachita kuluma mlomo. Ndiye mwadzidzidzi Che Saidi, ali chikhalire pakati pa anthu, anayankha. Mawu awo anali okalamba koma sanaphonye ngakhale pang’ono.

Amayi aakulu anakweza dzanja. Nyimbo inathera pomwepo.

“Pepani, bambo,” anatero mwaulemu. “Pamenepo pali mwini wake. Akadali moyo.”

Che Saidi anagwira pakamwa. “Astaghfirullah, ndalakwa. Ndimayesa mwaiwala.”

“Sitinaiwale. Tikupita kwa iyeyo.”

Anayambiranso, ndipo ulendo uno pamalo paja panali ziii, moti tinkamva masamba a nzimbe. Atamaliza anthu anaomba m’manja, koma mayi wina amene anali pafupi nane anauza mnzake kuti, “Yakoma, koma ikukhala ngati nyumba yopanda chitseko.”

Amalume Petulo anabwerera ali duu. Atakhala pansi anayankhula motsitsa, koma ine ndinali pomwepo.

“Achemwali, mwamuchititsa manyazi munthu wamkulu. Ndipo mwana uyu wakhala apa ngati katundu, chonsecho mawu ali nawo. Bambo anaika lamulo lija kuti tisamalandane malo tili ana. Bambo anapita kalekale.”

“Lamulo lija ndi limene latisunga,” anatero amayi aakulu. “Magulu angati amene tinayamba nawo limodzi alipo lero? Uyu akadwala alowetsa wina, akachira apeza malo ake atatengedwa, mawa gulu lagawikana. Ife sitinakanganepo za malo.”

“Ndiye tife nalo?”

“Ngati n’kufa nalo, tifa nalo. Lazaro sindimulanda ngodya ali chigonere.”

Amayi anga ankangochotsa timinga pa chitenje chawo.

Dzuwa litapendeka foni ya amayi aakulu inalira. Anali Chisomo, kufunsa kuti tafika pati. Amayi aakulu samva bwino khutu limodzi, ndiye foni yawo imakhala yokweza, tonse tinkamva. Atamufotokozera za lamba, anamuuza kuti awauze bambo ake kuti tikubwera ndi Esinati, pali mawu oti akanene.

Chisomo anayankha motsitsa mawu.

“Azakhali, sindinafune kukuuzani pafoni. Chibwerereni sitiroko yachiwiriyi, bambo sanayankhulepo. Ngakhale dzina langa. Amamva zonse, koma mawu satuluka.”

Amayi aakulu anati, “Chabwino, mwanangu,” n’kudula. Anaika foni m’chikwama, n’kutseka zipi pang’onopang’ono. Palibe anandiyang’ana, ndipo ndinathokoza kuti sanandiyang’ane. Ndinazindikira kuti ngati pakamwa patsekeka, ndiye kuti ngodya yatsekekanso, ndipo nyimbo imene anaimba pansi pa mango ija ikhoza kukhala yomaliza pagulu.

“Tibwerere?” anafunsa amalume Petulo, koma osati mwa nthabwala.

“Tibwerere chifukwa chiyani? Ndi mlongo wathu, aimbe asaimbe.”

Kondakitala anabwera ndi lamba, koma anali wamfupi. Anayesa kumukoka ndi chitsulo, anakanika. Anati wina apezeka mawa. Mmodzi mwa amayi amene anamva nyimbo ija anali wa m’mudzi wapafupi, anabwera kudzagulitsa nthochi. Anatitenga ife akazi kukagona kwawo, amalume ndi Che Saidi anagona m’galimoto kulondera katundu.

M’mawa ndinapita ndi amayi kumjigo kukasamba kumaso. Ndinkapopa, iwo akuchingamiza manja.

“Amayi, ndikanangotsala kunyumba,” ndinatero. “Ndangowonongetsa thiransipoti.”

“Ukawaone amalume ako. Anakunyamulapo uli khanda, ukulira, iwo n’kunena kuti kamwana aka kali ndi chifuwa.” Anapukuta kumaso ndi chitenje. “Ukafika usakabisale kumbuyo kwanga ngati mmene umachitira. Ukakhale poti akuone.”

Lamba woyenera anabwera dzuwa litakwera. Tinadutsa Dwambazi, anthu okwera m’njira anayamba kuyankhula Chitonga, ine n’kumangotolako mawu amodziamodzi. Pa Chintheche Che Saidi anatsika. Anapita pawindo la amayi aakulu n’kuvula kofiya pang’ono.

“Amayi, za dzulo zija musandisungire. Mukawauze a tenala kuti telala wina wa pa Nkhotakota amawapatsa moni. Inshallah muwapeza bwino.”

Amayi aakulu anatapa utaka m’mtanga n’kuwakulungira m’pepala kuti akapatse mayi wa khanda. “Mawu aja munawagwira bwino,” anatero. “Kungoti si anu.”

Tinadutsa m’nkhalango ya mitengo ya mphira, anyamata akugulitsa mipira m’mbali mwa msewu. Titapitirira mphambano ya ku Nkhata Bay msewu unayamba kukwera, galimoto ikulira ngati ilekanso, makutu anga n’kutsekeka. Mphepo inayamba kuzizira. Tinafika ku Mzuzu masana, ndipo Chisomo anatichingamira kudepoti. Linali tsiku la tchuthi, sanapite kusukulu.

Nyumba yake ndi yaing’ono, ya zipinda ziwiri. Amalume Lazaro anali m’chipinda cha kumbuyo, pabedi lachitsulo lokankhidwira pakona kuti asagwe. Ndinkawakumbuka ali munthu wamtali wonenepa, koma pabedipo panali munthu wochepa, mbali ya kumanja ya nkhope itagwa. Maso okha ndiwo anali omwe aja. Ataona abale awo, dzanja lawo lamanzere linanyamuka, amalume Petulo n’kuligwira.

“Achimwene, mwaonda bwanji? Kuno sakupatsani nsomba? Tabwera nazo, musadandaule.”

Mbali imodzi ya pakamwa pa amalume Lazaro inamwetulira.

Ndinachita monga anandiuzira amayi. Ndinagwada pafupi ndi bedi n’kupereka moni. Titapuma, amayi aakulu anakhala pampando, n’kuyankhula ngati mmene amayankhulira pamwambo.

“Lazaro, uyu ndi Esinati, mwana wa Rozi. Waphunzira mawu ako onse. Tabwera kudzakufunsa, tonse tilipo. Ngodya yako ukumupatsa?”

Amalume anandiyang’ana nthawi yaitali. Milomo yawo inagwedezeka, khosi linalimba, mitsempha inaoneka. Panangotuluka mpweya. Anayesanso, malovu n’kutsika pachibwano, Chisomo n’kuwapukuta. Kenako anatembenuzira nkhope kukhoma.

“Basi, usadzivutitse,” anatero amayi aakulu. Kenako anaimirira. “Tiyeni timuimbire. Tinayamba anayi, timalize tili anayi m’chipinda chimodzi.”

Anasuntha dengu la zovala ndi katebulo kuti apeze poima. Amayi aakulu anaima pakona ya kuwindo, amalume Petulo kuseri kwa chitseko, amayi anga pakona inayo. Yachinayi inali ya bedi. Ine ndinakhala pansi pakhomo, Chisomo pambali panga.

Anayamba Mpunga Wacha. Amalume Lazaro anatembenuzanso nkhope. Atafika pamalo a tenala n’kukhala chete, dzanja lamanzere lija linamenya chitsulo cha bedi. Ngwee! Anapitiriza kuimba, poyesa kuti akuwomba nawo nyimbo. Linamenyanso, mwamphamvu, mpaka anasiya.

“Mukufuna madzi, bambo?” anafunsa Chisomo. Anabweretsa kapu, iwo anaikankha. Analoza pansi, chapakati pa chipinda.

“Akufuna beseni,” anatero amayi aakulu. “Tituluke kaye.”

Chitsulo chinaliranso. Anagwira m’mphepete mwa bedi n’kumalikoka ngati akufuna kulisuntha okha, kenako n’kulozanso pansi pomwe paja. Chisomo anatseka windo poyesa kuti akumva mphepo. Anakweza pilo. Amalume anatseka maso mokwiya.

Amalume Petulo anayang’ana pamene chala chinkaloza, anayang’ana bedi, kenako anaseka pang’ono, misozi ili m’maso.

“Munthuyu akufuna pakati. Chisomo, gwira uko.”

Anakoka bedi, miyendo yake ikulira pasimenti, mpaka linafika pakati pa chipinda. Amalume Lazaro anapuma mwamphamvu n’kugwetsa dzanja. Pakona pamene panali bedi panatsala fumbi, ulusi wa kangaude ndi silipasi imodzi. Dzanja lija linanyamukanso. Linaloza ine, kenako linaloza pakonapo, n’kukhala chilozere.

Tonse tinayang’ana amayi aakulu. Amalume Petulo anatsegula pakamwa, koma amene anayankhula anali amayi anga, amene ulendo wonse sanatsutsepo kanthu.

“Achemwali, pakamwa palibe, mwaona nokha. Munthu wachoka yekha pamalo pake tonse tikuona. Mukufuna achitenso chiyani?”

Amayi aakulu anayang’ana mlongo wawo pabedi paja. Dzanja linali likadali m’mwamba, likunjenjemera chifukwa cha kutopa. Anapita n’kuligwira, n’kulitsitsa pachifuwa pawo. Kenako anatembenukira kwa ine.

“Iwe Esinati, ukungoyang’ana chiyani? Pempha tsache usese pamenepo. Uima pafumbi?”

Ndinasesa. Silipasi ija ndinaiika pansi pa bedi. Nditaima pakonapo ndinaona kuti amayi ali kutali, ngakhale chipinda chinali chaching’ono. Chiyambire ndinali ndisanaimbepo popanda phewa lawo pambali panga.

Amalume Petulo anayamba. Ndinalowa bwinobwino pamodzi ndi ena, koma titafika pamalo oyankha ndekha, mawu anatuluka ang’onoang’ono ngati ndikupempha mchere kwa aneba. Amayi aakulu anakweza dzanja.

“Mawu amenewo mpheta zingathawe? Zikhoza kukutera pamutu. Tiyambirenso.”

Chisomo anaseka, ndipo bedi linagwedezeka pang’ono, amalume Lazaro nawonso ankaseka m’njira yawo. Tinayambiranso. Ulendo uno ndinayang’ana khoma la kutsidya ngati ndi mapeto a munda, n’kutulutsa mawu onse amene anzanga ankandiseka nawo kusukulu. Atatu aja anandidikira mpaka ndinamaliza, n’kulowa pamodzi.

Amalume Lazaro anatembenuzira mutu kuwindo kumene kunali sopulano, kenako kuchitseko, kenako kwa amayi, kenako kwa ine. Pambuyo pake anasiya kutembenuka. Anangoyang’ana kudenga, pamwamba pa mutu wawo penipeni, misozi ikutsikira m’makutu. Nyimbo inatha.

“Ndiye mwamva, achimwene?” anafunsa amalume Petulo. “N’zoona zimene amanena anthu zija?”

Dzanja linamenya chitsulo kamodzi.

“Akuti tibwereze,” anatero amayi aakulu. “Aliyense pamalo pake.”

Tinaibwereza, kenako tinaimba zina zonse za pa kaseti ija, mpaka ana a aneba anadzaza pawindo ndipo Chisomo anatsegula kuti amve bwino. Mpunga umene tinabwera nawo unapserera pamoto chifukwa palibe anaukumbukira.

Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri, galimoto sinavute. Gulu likuimbabe, ndipo anthu akutitchulabe Anayi a ku Lifuwu. Pamalo oyankha tenala paja amayi aakulu amandiyang’anabe ndi diso limodzi. Ngodya ya amalume Lazaro ndinaimapo koyamba m’chipinda chawo ku Mzuzu, iwo ali pakati, pa tsiku la Anakubala, 15 Okutobala chaka chatha.